Msana wa Mlimi ndi Mpini wa Khasu

Mvula yoyamba ikagwa, ntchito ya kumunda sidikira munthu. Alangizi amatiuza kuti chimanga chipaliridwe m'masabata atatu oyamba chitamera. Mukachedwa, udzu umalanda chakudya cha chimanga, ndipo nkhokwe sidzadza. Tsono taganizani: mwezi wa Disembala womwewo mwadzuka m'mawa msana wauma gwa. Kuwerama kwakanika. Munda wa pakhomo ukudikira inu. Munda wa koperativa nawonso ukudikira, ndipo dzina lanu silikulembedwa m'buku la masiku a ntchito.

Alimi anzathu, vutoli si la ku Zóbuè kapena ku Moatize kokha ai. Bungwe loona za umoyo pa dziko lonse la WHO linawerengera kuti mu 2020 anthu 619 miliyoni ankamva kupweteka kwa msana wa m'munsi. Palibe vuto lina limene limalepheretsa anthu ambiri kugwira ntchito kuposa limeneli. Koma pali nkhani yabwino. Mwa anthu 10 odandaula msana, pafupifupi 9 alibe fupa lothyoka, alibenso matenda oopsa m'kati. Ambiri amapeza bwino asanathe masabata 6.

Msana unapangidwa bwanji?

Msana si fupa limodzi ngati mtengo wa phaso. Kuchokera m'khosi kufika m'chiuno muli mafupa 24 osanjikizana ngati njerwa. Asanu a m'munsi ndiwo akuluakulu, chifukwa ndiwo amasenza thupi lonse. Pakati pa fupa ndi fupa pali kanthu kofewa konga nkhata. Kumbuyo ndi pamimba pali minofu yogwira mafupawo, monga luzi limagwirira denga. Munthu akawerama kuyambira m'mawa mpaka dzuwa pamutu osaweramuka, minofu imatopa ndi kukungika. Ululu umene mumamva nthawi zambiri ndi umenewo.

Kale ngakhale madotolo ankati: msana ukapweteka, gonani pa mphasa sabata yonse. Lero zinadziwika kuti kugona masiku ambiri kumachedwetsa kuchira. Minofu imafooka, mfundo zimauma, ndipo munthu amayamba kuopa kusuntha. Ngati ululu wakula kwambiri, pumulani tsiku limodzi kapena awiri basi. Ngakhale pa masiku amenewo dzukani kawirikawiri, yendani pabwalo, fikani pachitsime ndi kubwerera opanda ndowa.

Kuchipatala kuli anthu amene anaphunzira kuchiritsa minofu ndi mfundo posuntha thupi. Pa Chipwitikizi ntchito yao imatchedwa fisioterapia. Anzathu a tsidya la ku Mwanza amati mafizo. Zambiri zimene iwo amaphunzitsa sizifuna makina kapena ndalama. Zimafuna mphasa, khoma la nyumba ndi kupirira.

Zochita pa mphasa

Chitani izi m'mawa musanatenge khasu, ndiponso madzulo musanagone.

Gonani chagada. Pindani mawondo, mapazi aponde pansi. Gwirani bondo limodzi ndi manja awiri, likokereni kuchifuwa pang'onopang'ono. Werengani kuyambira 1 mpaka 10. Bwezani mwendo, gwirani winawo. Mwendo uliwonse kasanu.

Muli chigonere choncho, gundanitsani mawondo. Agwetsereni kumanja, kenaka kumanzere, mapewa osachoka pa mphasa. Chitani ka 10.

Tsopano kwezani chiuno m'mwamba, mapazi ndi mapewa zili pansi. Werengani mpaka 5, tsitsani. Izi zimalimbitsa minofu ya matako ndi ya msana. Yambani ndi kasanu. Pakapita sabata mufike ka 10.

Kumva kukokeka pang'ono si choopsa. Koma ngati ululu ukutsika mwendo ngati moto, ndipo ukukulirakulira mukamachita, lekani chimenecho, chitani zinazo.

Kuthowa kumene anatiphunzitsa makolo kumathandiza ndithu pa msana wouma. Viikani nsalu m'madzi ofunda, finyani, ikani pamsana kwa mphindi 15 kapena 20. Yambani mwayesa madziwo pa mkono wanu. Pamalo pochita dzanzi musathowe, chifukwa mungapse osamva.

Kumunda nako kuli chochita. Mukafika kumapeto kwa mzere, imani chilili. Ikani manja m'chiuno, pendekerani chambuyo pang'ono, katatu kapena kasanu. Wina adzakusekani kuti mwayamba ulesi. Musiyeni aseke. Mphindi imodzi imeneyo ndi yochepa poyerekeza ndi sabata ya pa mphasa.

Tiuonenso mpini

Tambirimbiri timalima ndi khasu la mpini waufupi. Amayi makamaka, paja iwo amapatsidwa kakhasu kotha, kotsala kwa abambo, pamenepo mwana ali kumbuyo. Mpini ukafupika, mutu umatsikira ku mawondo tsiku lonse. Ku California, m'dziko la America, boma linaletsa khasu la mpini waufupi m'minda ya mabwana mu 1975, chaka chomwe dziko lathu linalandira ufulu. Analiletsa chifukwa antchito a m'mindamo ankavulala misana.

Sitikunena kuti mutaye makasu anu. Pounda mizere pa nthaka youma, ambiri amati mpini waufupi ndiwo umapatsa mphamvu, ndipo iwo ndiwo amaidziwa nthaka yao. Koma kupalira sikufuna mphamvu zotere. Mpini sitigula ku sitolo, timasema tokha. Bwanji osasema umodzi wautali, wofika pachifuwa mukauimika, ndi kuuyesa popalira chaka chino? Masiku awiri oyamba manja adzaona chilendo. Pa tsiku lachitatu mufunse msana wanu.

Katundu

Thumba la feteleza limalemera makilogalamu 50. Chigubu cha malita 20 chikadzaza madzi chimalemera makilogalamu 20, ndipo pali ana a zaka 10 amene amachisenza. Oumba njerwa a ku Moatize amawerama ndi kunyamula chikombole kambirimbiri pa tsiku. Okankha njinga za makala amakwera nazo zitunda matumba atasanjikizana.

Msana ndi wolimba, sugwa ndi katundu aliyense. Umavulala kwambiri pamene munthu watopa, wafulumira, kapena wanyamula chopitirira chimene anazolowera. Ponyamula, yandikirani katunduyo. Tangadzani miyendo, pindani mawondo, katundu akhale pafupi ndi mimba. Potembenuka sunthani mapazi, musapotoze chiuno katundu ali m'manja. Thumba la 50 ligwireni awiri. Posenza ndi potula, itanani mnzanu akuthandizeni. Palibe manyazi pamenepo.

Ku Moatize mu Okutobala ndi Novembala kutentha kumapitirira madigiri 40. Lawirirani m'mawa, ndipo tengani madzi akumwa okwanira. Thupi likauma, munthu amatopa msanga ndipo minofu imakokana.

Mukabinya phazi

Njira za m'mapiri a ku Zóbuè ndi za miyala, ndipo dzinja zimaterera. Munthu waponda molakwa, phazi lapindikira m'kati, kakolo watupa. Choyamba dziwani ngati fupa lathyoka. Yesani kuyenda mapazi anayi. Ngati mwalephera kupondera ngakhale motsimphina, kapena pafupa penipeni pa kakolo pakupweteka kwambiri mukadina, kapena phazi lakhota, pitani kuchipatala akajambule. Musalole munthu akukokeni phazi kuti alibwezere.

Ngati mukutha kupondera, mwina zavulala ndi zingwe zogwira mfundo. Apa tcherani khutu, chifukwa ambiri timalakwitsa. Masiku awiri oyamba musathowe ndi madzi otentha, kutupa kumawonjezeka. Viikani phazi m'madzi ozizira a mumtsuko kwa mphindi 15, kangapo pa tsiku. Pogona ikani phazi pamwamba pa thumba kapena mpando. Mangani ndi kansalu ka chitenje kuyambira ku zala kukwera m'mwamba, koma osathinitsa. Zala zikazizira kapena kuchita dzanzi, masulani.

Za mphini tinene mosabisa. Kutema pamalo potupa sikutulutsa ululu. Kumatsegula khomo la tizirombo pafupi ndi mfundo. Lumo logwiritsa anthu angapo lingapatse HIV, ndipo bala lopakidwa zinthu zakuda lingabweretse kafumbata.

Pa tsiku lachitatu yambani kulisuntha phazilo. Pano amene mwaphunzira kulemba mwapeza ntchito ina ya sukulu yathu. Khalani pa mpando, tambasulani mwendo, ndipo lembani m'malere ndi chala chachikulu cha kuphazi: a, e, i, o, u. Kenaka lembani dzina lanu. Kenaka dzina la mudzi wanu. A mafizo amaphunzitsa zomwezi, chifukwa polemba zilembo kakolo amatembenukira mbali zonse. Chitani katatu pa tsiku.

Ululu ukachepa, imani pafupi ndi khoma kapena mtengo. Imirirani ndi mwendo wovulalawo wokha, werengani mpaka 30. Musadumphe chimenechi. Phazi lobinya limaiwala kuponda bwino, n'chifukwa chake anthu ena amabinya phazi lomwelomwelo chaka ndi chaka. Pitirizani kwa mwezi wathunthu ngakhale mutaona ngati mwachira.

Mawondo ndi mapewa

Akuluakulu ambiri amadandaula nyamakazi ya m'mawondo. Bondo limauma m'mawa, limalira pokwera chitunda. Ena amati ndi ukalamba basi, n'kungokhala pansi. Koma bondo limadalira minofu ya ntchafu. Khalani pa mpando, wongolani mwendo, werengani mpaka 5, tsitsani. Ka 10 mwendo uliwonse. Kenaka imirirani ndi kukhalanso ka 10, osagwira ndi manja ngati mungathe. Phindu limaoneka patapita mwezi kapena iwiri, osati mawa.

Ngati muyenda ndi ndodo, igwireni ku dzanja la mbali yabwino. Bondo lopweteka likakhala lamanja, ndodo ikhale kumanzere. Ambiri amagwira mosemphanitsa.

Phewa lopweteka chifukwa cha mtondo kapena nkhwangwa lisamangidwe pachifuwa masiku ambiri, lingaume. Weramani pang'ono mutatsamira tebulo, lendewetsani mkonowo, uzungulire pang'onopang'ono. Mukatero yang'anani khoma, zala zikwere khomalo ngati buluzi mpaka pamene mungafike.

Pamene simuyenera kudikira

Si ululu wonse wotha ndi mphasa. Pali chifuwa chachikulu chimene chimalowa m'mafupa a msana. Munthu amamva msana kwa miyezi, usiku ululu sumugoneka, amatuluka thukuta usiku, amatentha thupi, amaonda. Nthawi zina pamsana pamatuluka kalinunda. Akachedwa, miyendo imafa. Amene ali ndi HIV, ndi amene anadwalapo chifuwa chachikulu kapena kukhala ndi wodwala m'nyumba, achenjere kwambiri. Mankhwala ake alipo, ndipo m'zipatala za boma ndi aulere.

Pitani kuchipatala tsiku lomwelo ngati mkodzo kapena chimbudzi zikutuluka zokha, kapena mkodzo wakana kutuluka. Chimodzimodzi ngati pakati pa miyendo pachita dzanzi, ngati mwendo wafooka n'kumakwakwaza phazi, ndiponso ngati msana wayamba mutagwa mumtengo, pangolo kapena panjinga yamoto. Mfundo yotupa, yotentha, munthu ali ndi malungo, makamaka mwana, nayonso sigonetsa. Mafinya akakhala m'mfundo masiku ochepa okha amaiwononga.

Nanga mapiritsi? Ibuprofen ndi diclofenac amachepetsa ululu, koma ndi a masiku ochepa. Musamwe opanda chakudya m'mimba. Amayi oyembekezera, odwala zilonda za m'mimba kapena impso, ndi odwala kuthamanga kwa magazi afunse kaye anamwino. Kumwa mapiritsi amenewa tsiku ndi tsiku kuti mulime padzuwa, madzi osamwa, kumawononga impso. Mapiritsi a pamsika opanda dzina ndi jakisoni wa kuseri kwa nyumba, ai ndithu.

Ulendo wa ku Tete

Yambirani pafupi. M'midzi yambiri muli a APE, antchito a zaumoyo a m'mudzi, amene ntchito yao inayamba m'dziko muno mu 1978. Iwo kapena anamwino a chipatala chaching'ono adzakuonani. Ngati papita masabata 6 osasintha, pemphani kalata yopita nayo ku chipatala chachikulu cha Tete, kumene kuli a mafizo.

Kuchokera ku Moatize ndi makilomita pafupifupi 20, kungowoloka Zambezi. Koma kuchokera ku Zóbuè ndi makilomita opitirira 100, ndipo mlimi sangapite sabata iliyonse. Choncho ulendo umodziwo ukupindulireni. Pitani ndi mbale wanu kuti nayenso aone. Tengani kope ndi pensulo. Auzeni a mafizo ntchito imene mumagwira: kulima, kuumba njerwa, kusenza madzi. Apempheni akuonetseni zochita kunyumba, ndipo muchite pamaso pao kuti akukonzeni. Lembani m'kope kuti ndi kangati pa tsiku, ndi tsiku lobwereranso.

Nkhani ya pa msonkhano

Membala akapweteka msana, koperativa imachita chiyani? Malo ambiri yankho ndi lakuti: khalani kunyumba, mudzabwere mukachira. Masiku ake salembedwa, ndipo pogawa zokolola gawo lake limachepa. Poopa zimenezi ena amabisa ululu, namakalima mpaka kugwa. Ena amagona kunyumba, msana n'kumaumirauma.

Chonsecho ntchito zopepuka zilipo. Kusankha mbewu, kudyetsa nkhuku, kuwerenga matumba m'nyumba yosungira, kulondera mbuzi zisalowe m'dimba. Amene atha kulemba angagwire buku la masiku a ntchito. Munthu amakhala akuyenda, akusuntha thupi, ndipo pakatha sabata kapena awiri amabwerera ku khasu, poyamba theka la tsiku.

Pa msonkhano ukubwerawu imikani dzanja mufunse apampando mafunso awa. Kodi tsiku la ntchito yopepuka lidzalembedwa ngati tsiku lathunthu? Kodi m'thumba la koperativa mungatuluke ndalama ya wilibala imodzi? Ndipo mipini yaitali yoyesera adzasema ndani, mvula isanagwe?