Mageti a ku Liwonde sindiwo amalamula nyanja

Mu 2024 madzi a Nyanja ya Malawi atakwera n'kulowa m'nyumba za anthu ndi m'malo ogona alendo ku Mangochi, chala chinaloza malo amodzi: Kamuzu Barrage ku Liwonde. Akuti akuluakulu atseka mageti dala pofuna kusunga madzi a magetsi, angotsegula basi nyanja iphwe. Ntchito yanga ndi yoyeza madzi a m'mitsinje ndi m'nyanja, ndipo mawu amenewa amandiwawa, chifukwa anthu amene katundu wawo anamira akuyenera kuuzidwa zoona, osati kungopatsidwa munthu womukwiyira.

Ife pantchito timayambira pa chimene timachitcha water balance, kutanthauza kuwerengetsa madzi olowa m'nyanja ndi otuluka. Olowa ndi a mvula yogwera panyanja penipeni ndi a m'mitsinje. Otuluka ali ndi njira ziwiri: mtsinje wa Shire, ndi nthunzi imene dzuwa ndi mphepo zimakweza kumwamba. Ambiri sakhulupirira, koma pafupifupi magawo anayi mwa asanu a madzi amene nyanjayi imataya amachoka ngati nthunzi, Shire n'kumatenga otsalawo. Kukula kwa nyanjayi kumaposa masikweya kilomita 29,000, ndiye kuti itsike ndi sentimita imodzi yokha payenera kuchoka madzi pafupifupi makiyubiki mita 300 miliyoni. Titati tiwonjezere makiyubiki mita 500 pa sekondi pamwamba pa madzi amene akudutsa kale ku Liwonde, pangathe pafupifupi sabata yathunthu sentimita imodziyo isanachoke, komanso ngati mvula yaleka. Kuli ngati kuphwetsa chitsime ndi chipande. Koma madzi omwewo akafika ku Nkula, Tedzani ndi Kapichira, kenako m'minda ya ku Chikwawa ndi Nsanje, amasanduka chigumula. Sindikunena kuti barajiyo ilibe mphamvu konse. Ikasunga madzi miyezi yambiri nyanja imakhalako pamwamba pang'ono, ndipo anaimangira zomwezo mu 1965. Koma tikumbukire kuti kuyambira cha m'ma 1915 mpaka m'ma 1930 nyanja inatsika kotero kuti Shire anasiya kutulutsa madzi, ndipo pambuyo pake inakweranso, pa Liwonde panalibe geti ndi limodzi lomwe.

Wolamula ndi mvula, ndipo gawo lalikulu ndithu la mvulayo limagwa kunja kwa dziko lino. Mtsinje waukulu mwa yonse yothira m'nyanjayi ndi Ruhuhu, wa ku Tanzania. Songwe ndi malire athu ndi dziko lomwelo. Katswiri wa ku Lilongwe amene alibe miyezo ya mvula ya m'mapiri a kumwera kwa Tanzania sanganeneretu bwino kuti nyanja ifika pati, ngakhale akhale wanzeru chotani. Kumunsinso n'chimodzimodzi: Shire akatenga madzi a Ruo pa Chiromo amalowa mu Mozambique kukathira mu Zambezi, ndiye zimene timatulutsa ku Liwonde zimakagwera anzathu a kumeneko. N'chifukwa chake mayiko asanu ndi atatu a m'chigwa cha Zambezi ali ndi bungwe la ZAMCOM, limene pangano lake linasainidwa ku Kasane mu 2004 ndipo likulu lake lili ku Harare.

Ena amati mgwirizano wotere ndi misonkhano ya m'mahotela ndi maalawansi basi. Dandauloli lili ndi mutu. Chimandipweteka kuona malipoti akuchuluka pamene zoyezera madzi m'mitsinje yambiri zinakokoloka kapena zilibe woziwerenga. Koma mankhwala ake si kusiya kugwirizana. Ndi kuika ndalama pa zoyezerazo ndi pa munthu wa m'mudzi amene amalemba msinkhu wa madzi m'mawa uliwonse, chifukwa kompyuta ngakhale yamphamvu bwanji singawerengetse chimene sichinayezedwe. Ena amafunsa ngati n'kwanzeru kugawana miyezo ndi Tanzania pamene tikulimbirana malire a panyanja. Mkangano wa malire uli ndi bwalo lake. Kubisirana kuchuluka kwa mvula sikuwonjezera mphamvu pa mlandu wathu, koma kumachititsa kuti madzi azitipeza tili mtulo.

Inu amene mukufuna kumanga m'mbali mwa nyanja, musayeze malo mu Disembala madzi ali pansi; nthawi zambiri amafika pachimake cha mu Epulo kapena Meyi. Funsani akuluakulu a m'mudzimo pamene madzi analekezera m'zaka za mvula yambiri, mufunsenso a National Water Resources Authority, ngakhale palibe amene angakulonjezeni kuti sadzapitirira pamenepo. Ndipo phungu wanu akadzabwera, mudzamufunse ndalama zimene boma laika pa kuyeza mitsinje chaka chino.