Za Madzi a ku Mzimba ndi Damu la ku Kapichira

Inu eni mabanja a ku Mzimba, a ku Embangweni, a ku Jenda ndi a m'midzi yonse ya kumwera kwa boma lino, tamverani mau awa onena za damu lalikuru limene Boma linamanga pa Kapichira. Kapena wina adzati, Kapichira ali kutali ku Chikwawa, tiri naye ciani ife? Muli naye kanthu ndithu, pakuti ena a madzi amene atembenuza makina kumeneko ndi omwewo amene anayamba kugwa m'minda mwanu.

Tiyeni tiwatsate madziwo. Mvula ikagwa pa mapiri a Viphya ndi m'madambo a kuno, itsikira m'timitsinje, ndipo timitsinje tambiri tithira mu mtsinje wa Mzimba, Mzimba nathira mu Rukuru. Rukuru ayenda cakumpoto, napyola pa mpata wa Njakwa kufupi ndi Rumphi, natsikira m'Nyanja. Tsono Nyanja yonseyo, ndi ukuru wace wonse, iri ndi khomo limodzi lokha loturukira madzi, ndilo mtsinje wa Shire ku Mangochi. Shire akapitirira Liwonde afika pa dziko la mathithi, kumene atsika mamita oposa 300 asanafike ku cigwa. Mathithi otsiriza ndiwo a Kapichira, amene anatsekereza ngalawa ya David Livingstone m'caka ca 1859.

Kugwa kwa madziko ndiko cuma cace ca mtsinje. Damu liimitsa madzi pamwamba, madziwo nalowa m'mipope yaikuru, nagwa ndi mphamvu pa gudumu lacitsulo la mapiko. Gudumulo pozungulira litembenuza makina opanga magetsi. Madzi sapsa ndipo sacepa, angobwerera mu mtsinje. Cotero madzi amodzimodzi agwira nchito pa Nkula, pamene makina anayamba m'caka ca 1966, nagwiranso pa Tedzani kuyambira 1973, nagwira kacitatu pa Kapichira. Makina awiri oyamba a pa Kapichira anayamba nchito m'caka ca 2000, ndipo ataonjezapo ena awiri mphamvu yonse inafika pafupi ndi mamegawati 130. Magetsi a pa Shire ndiwo ayenda m'mawaya kudza kuno kumpoto, nayendetsa cigayo cimene amai anu agayitsako cimanga, naunikira m'cipatala usiku.

Damu lomwelo lapatsidwa nchito yaciwiri, ndiyo ya kuthirira. Boma, pothandizidwa ndi World Bank ndi African Development Bank, linayamba kukumba ngalande yaikuru yotenga madzi pa Kapichira kunka nawo ku minda ya Chikwawa ndi Nsanje, dziko lotentha la mvula yosakhulupirika. Cifuniro cace ndi kuthirira mahekitala ngati 43,000, ndiwo maekala oposa 100,000. Ubwino wace ngwakuti madzi ayenda okha motsetsereka, osafuna makina opopera. Koma zindikirani ici: madzi olowa m'ngalande sadzapitanso pa gudumu la Kapichira. Caka ca madzi ambiri palibe mlandu. Caka ca cilala mlimi wa ku cigwa ndi mwini cigayo wa ku Mzimba adzakhala akutunga mu mtsuko umodzi.

Ndipo zaka zoterozo zimadza. Kuyambira ca m'ma 1915 kufikira ca m'ma 1935 Nyanja inatsika kotero kuti Shire anatsala pang'ono kuleka kuturuka. Dzuwa limamwa madzi a m'Nyanja ocuruka koposa amene aturuka ndi mtsinje, ndipo palibe Boma lingaliletse. Cotsekera ca pa Liwonde, cimene cinamangidwa m'caka ca 1965, cingosunga ndi kugawa madzi amene alipo, sicilenga ena. Ambiri a inu mukumbukira mdima wa 2016 ndi 2017, pamene madzi anacepa ndipo zigayo zinkakhala cete tsiku lathunthu. Madzi ocurukitsa nawonso aononga. Mwezi wa January 2022 namondwe wochedwa Ana anadzaza Shire, cigumula cinagumula mbali ya damu la Kapichira pamodzi ndi pakamwa pa ngalande yatsopano, makina onse anai naima. Dziko linataya monga limodzi la magawo atatu a magetsi ace, ndipo makinawo sanayambenso kufikira caka ca 2023.

Mdani wina ndi wacete, ndiye matope. Dothi lokokoloka m'minda limakhazikika kuseri kwa damu, malo a madzi nacepa, ndipo a EGENCO amataya ndalama zambiri kulikumba. Sitikunenezani mlandu umene suli wanu: matope a kuno safika ku Kapichira, amamira m'Nyanja, a kumeneko acokera m'mapiri oyandikana ndi Shire, kumene mitengo inatha ndi makala. Koma nthenda ndi yomweyo. Taonani mtsinje wa Mzimba mwezi wa January, muone kufiira kwace. Ndiyo minda yanu iri paulendo. Ndipo akatswiri anayesa kale malo a Fufu, pa Rukuru m'boma la Rumphi, kuti pamangidwe damu la magetsi. Likadzamangidwa, dothi loyamba kulikwirira lidzakhala la kuno.

Nanga za kuthirira? Musayembekeze ngalande ya Kapichira, pakuti madzi sakwera phiri. Nkhokwe ya madzi ya munthu wa ku Mzimba ndi nthaka ya m'munda mwace ndi dambo la m'mudzi mwace. Limani mizere yopingasa citunda, nimutseke m'makwalala ndi timizere tating'ono, kuti mvula iime ndi kulowa pansi. Madzi olowa pansi m'dzinja ndiwo aturuka m'citsime ca ku dimba mwezi wa September. Pa akalozera bzalanipo udzu wa vetiva. M'mbali mwa mtsinje siyani mayadi khumi kapena kuposa osagwirapo khasu, bango ndi mikuyu zikhale. Inu a ng'ombe, penyani njira imene ziweto zitsikira kukamwa: zigwembe zambiri za kuno zinayamba ndi ziboda ndi magudumu a ngolo. Kanjira kakayamba kukumbika, katsekeni ndi miyala ndi zikhomo caka comweco, nimusinthe njira.

Midzi ina ifuna kumanga damu laling'ono pa kamtsinje, kuti ng'ombe zimwe ndi ndiwo zithiriridwe m'malimwe. Ndi nzeru yabwino, koma yambani mwapangana ndi a mfumu, ndi alangizi a zaulimi, ndi anzanu a kumunsi amene amwa madzi omwewo. Sankhani popapatiza, pa nthaka ya makande. Cotsani udzu, mizu ndi mcenga kufikira dothi lolimba, pakuti muzu wobvunda m'kati mwa khoma usanduka njira ya madzi. Thirani dothi lonyowa pang'ono pang'ono, kukhuthala kwace monga cikhato, nimulisinje bwino musanathire lina. Pa khomalo bzalani kapinga, osati mitengo, ndipo ng'ombe zisakwerepo.

Koposa zonse musaiwale njira ya madzi osefukira. Ngati khoma la Boma, lomangidwa ndi akatswiri, linagonja kwa cigumula, nanga la makasu? Kumbani njirayo pambali, pa nthaka yosakumbidwa kale, ikhale yotakata ndi yotsika koposa mutu wa khoma ndi mapazi atatu, nimuiyale miyala kapena udzu. Nchito yonseyi ithe mwezi wa October usanathe, ndipo mvula yaikuru yoyamba ikagwa, mutume munthu m'mamawa akaone ngati madzi apita m'njira yao.