KUFULUMIZA IMFA YA WODWALA: KODI LAMULO LITI CHIYANI?

Masiku ena timakamba za chimanga, fodya ndi ng'ombe, koma nkhani ya lero ndi yolemera. Pafupifupi mudzi uli wonse unaonapo munthu wogona pa mphasa miyezi yambiri ndi nthenda yosachizika monga khansa. Ululu ukamkulira munthu wotere, nthawi zina anena kuti, "Bola ndingofa." Tsono funso lathu ndi ili: kodi nkololedwa kumthandiza kuti afe msanga?

Azungu amautcha mchitidwe umenewu euthanasia, mau ochokera ku chinenero cha Agriki, ndipo tanthauzo lake ndilo "imfa yabwino". Uli pawiri. Mwina dokotala yekha ndiye athetsa moyo wa wodwala amene wapempha. Mwina dokotala angopereka mankhwala, wodwalayo namwa yekha. Kwachiwiriku ndiko kumene amati kuthandiza munthu kudzipha.

Nkhaniyi inakula m'dziko la Netherlands, limene ena alitcha Holland. M'chaka cha 1971 dokotala wina wamkazi, dzina lake Geertruida Postma, anathetsa moyo wa amai ake okalamba, amene anali atafa ziwalo ndipo anapempha kawiri-kawiri kuti afe. Mu 1973 bwalo la milandu la ku Leeuwarden linampeza wolakwa, koma chilango chake chinali cha sabata imodzi yokha, ndiponso sanalowe m'ndende. Anthu a dzikolo anatsutsana zaka zambiri, mpaka mu 2001 nyumba ya malamulo inapanga lamulo limene linayamba kugwira nchito pa 1 April 2002.

Musaganize kuti kumeneko ali yense angathe kungochita monga afuna, iai. Wodwala ayenera kupempha yekha, mosakakamizidwa, atalingalira bwino. Kubvutika kwake kukhale kosapiririka ndi kopanda chiyembekezo chakuti kudzachepa. Dokotala wachiwiri, wosagwirizana ndi woyamba uja, amuone wodwalayo nalembe maganizo ake. Pambuyo pake kabungwe ka akatswiri a malamulo ndi a zachipatala kamaunika imfayo. M'chaka cha 2023 anthu 9,068 anafa mwa njira imeneyi ku Netherlands, ndiko kunena asanu mwa anthu 100 ali onse amene anamwalira chaka chimenecho. Maiko ena anatsata: Belgium mu 2002, Canada mu 2016 ndi Spain mu 2021.

Nanga anthu amatsutsana pa chiyani? Obvomereza ati moyo ndi wa mwini wake, ndipo kumkakamiza munthu kukhalabe mu ululu woopsa ndi nkhanza. Ati ng'ombe ikathyoka msana sitiisiya kuti izunzike. Nanga munthu timsiyiranji? Otsutsa ayankha kuti ng'ombe ndi chuma, koma munthu si chuma choti wina aone ngati chikali ndi phindu. Akhristu ambiri ndi Asilamu aphunzitsa kuti moyo ndi wa Mulungu, ndipo Iye yekha ndiye autenga. Enanso aopa kuti nkhalamba, wolumala kapena wosauka angapemphe imfa, osati chifukwa aifuna, koma chifukwa aona kuti wasanduka katundu wolemetsa abale ake.

Mantha amenewa ali ndi pochokera. M'chaka cha 1939 Adolf Hitler analamula madokotala a ku Germany kupha olumala ndi odwala misala, nachitcha chifundo. Pofika August 1941 anthu oposa 70,000 anali ataphedwa. Anthu amenewo sanapemphe, kotero nzosiyana ndi za ku Netherlands. Koma zitiphunzitsa kuti mau akuti "chifundo" angathe kubisa zoipa zazikulu.

Inu amene munagwirako nchito ku Joni mudzafuna kudziwa za ku South Africa. Mu April 2015 loya wina wodwala khansa, Robin Stransham-Ford, anapempha bwalo lalikulu la ku Pretoria kuti dokotala amthandize kufa. Woweruza anabvomera, koma mwini wakeyo anali atamwalira kale ndi nthenda yake maola ochepa chiweruzo chisanaperekedwe. Mu December 2016 bwalo la apilo linafafaniza chiweruzocho.

Tsono tibwere kuno kwathu, ndipo mumvetsetse. Malamulo akulu a dziko la Malawi, a chaka cha 1994, anena mu ndime 16 kuti munthu ali yense ali ndi ufulu wokhala ndi moyo. Buku la milandu ya upandu liti munthu amene afulumiza imfa ya wodwala awerengedwa kuti ndiye wamupha, chinkana wodwalayo akadafabe mawa lake. Wolangiza mnzake kudzipha, kapena womthandiza, angathe kukhala m'ndende moyo wake wonse. Kunena kuti "anandipempha yekha" sikuchotsa mlandu. Kunena kuti "banja lonse linagwirizana" sikuchotsanso mlandu. Inu mafumu mudziwa kuti mwabvi unaletsedwa mu 1911, ngakhale kwa munthu wofuna kumwa yekha kuti ayeretse dzina lake. Apanso ndi chimodzi-modzi: palibe mfumu, sing'anga, dokotala kapena mwini mbumba amene ali ndi mphamvu ya kupereka chilolezo chotere.

Koma pali zinthu ziwiri zimene anthu amazisokoneza ndi kupha. Choyamba, munthu wamkulu wa nzeru zake angathe kukana opareshoni kapena mankhwala ena, napempha kupita kwao kuti akatsirizikire pakati pa ana ake. Akamwalira, yamupha ndi nthenda, osati munthu. Chachiwiri, kupatsa wodwala mankhwala amphamvu opha ululu, pa muyeso umene a chipatala alamula, si kumupha ai.

Apa ndi pamene pali thandizo leni-leni. Kawiri-kawiri munthu akati afuna kufa, chimene afunitsitsa ndicho kuti ululu uleke, ndi kuti asasiyidwe yekha. Mu 1967 mai wina wa ku England, Cicely Saunders, anatsegula nyumba ya St Christopher's mu London yosamalira anthu amene sangachire. Iye anaonetsa kuti mankhwala a morphine akaperekedwa pa nthawi yake, osadikira kuti ululu uyambe wabwerera, wodwala agona tulo, adya, nacheza ndi abale ake. Mu 1993 dokotala Anne Merriman anayamba nchito yomweyi ku Uganda ndi morphine wamadzi wotsika mtengo, amene wodwala amwera pa khomo pake. Kuno ku Malawi chisamaliro chotere chinafika kale. Mwa malo odziwika pali Tiyanjane, pa chipatala cha Queen Elizabeth mu Blantyre, ndi Ndi Moyo ku Salima. Ena amaopa kuti morphine ndi mankhwala otsirizira munthu. Si choncho; ndi mankhwala a ululu, ndipo alipo odwala amene amwa miyezi yambiri akuyenda ndi kuona minda yao.

Chotero, mafumu ndi anyakwawa, nchito yanu ndi iyi. Mukamva kuti m'mudzi mwanu muli wodwala wobuula usana ndi usiku, tumani mthenga kwa mlangizi wa zaumoyo kapena ku chipatala cha pafupi, afunse za mankhwala a ululu. Gawani nchito ya kudwazika, kuti isagwere mkazi mmodzi yekha amene alinso ndi munda woti apalire. Mutu umodzi susenza denga. Mankhwala asungidwe ndi munthu mmodzi wokhulupirika, patali ndi ana, ndipo muyeso usasinthidwe popanda mau a chipatala. Musalole kuti nkhalamba yodwala imanidwe phala kapena madzi, kapena kutsekeredwa yokha ponamiziridwa ufiti, makamaka pamene pali munda kapena ziweto zoti anthu adzalowe. Wodwala akanena za kudzipha, musamkalipire ndipo musamsiye yekha. Khalani naye, mumvere, ndipo muuze a chipatala tsiku lomwelo. Imfa ikakhala yokayikitsa, dziwitsani apolisi maliro asanaikidwe, pakuti mlandu suola.

Maiko akutali apitirizabe kutsutsana pa nkhaniyi, ndipo mbali zonse ziwiri zili ndi anthu anzeru ndi achifundo. Koma lamulo la kuno ndi lomveka: moyo wa wodwala sitiudula, ululu wake ndiwo tilimbana nao. Kumbukirani kuti chaona mnzako chapita, mawa chili pa iwe. Nkhaniyi muikambe pa bwalo kuti amene alibe wailesi aimvenso.