Mimba Yosabwerera M'malo: Ndi Minofu Yotalikirana Kapena Hernia?

Mwana wakwanitsa miyezi 6, koma mu minibasi anthu akukufunsanibe kuti "muli ndi pakati penanso?" Azimayi ambiri amangoti ndi mafuta, n'kuyamba kumanga mimba ndi chitenje kapena kugula lamba wotsatsidwa pa Facebook. Musanataye ndalama, dziwani kaye kuti pali mavuto awiri ofanana maonekedwe koma osiyana kuopsa kwake.

Loyamba ndi kutalikirana kwa minofu, komwe madokotala amati diastasis recti. Kutsogolo kwa mimba kuli mizere iwiri ya minofu, kuchokera pachifuwa kutsikira kuchinena, yolumikizidwa ndi kachikopa kolimba pakati. Mwana akamakula m'mimba, kachikopaka kamatanuka ndipo mizere ija imatalikirana. Palibe chomwe chabooka. Kwa ambiri mpatawo umachepa wokha pofika masabata 8 atachira.

Mutha kudziyeza panyumba. Gonani chagada, pindani mawondo, dzutsani mutu pang'ono, kenako gwirani pamwamba pa mchombo. Ngati nthawiyi yadutsa koma zala zoposa ziwiri zikulowabe mumpatawo, kaonaneni ndi a physiotherapy akuphunzitseni masewero oyenera. Ma sit-up asiyeni kaye, amatha kuwonjezera vutoli.

Hernia ndi nkhani ina. Apa khoma la mimba limakhala ndi bowo, ndipo matumbo kapena mafuta amatulukira pamenepo n'kupanga chotupa pamchombo, m'mphechepeche mwa ntchafu kapena pachipsera cha opaleshoni. Chimakula mukamatsokomola kapena kunyamula katundu, n'kubwerera mukagona. Ya m'mphechepeche imagwira kwambiri abambo, ndipo ikatsikira kumaliseche ambiri amaitcha phudzi. Kusenza matumba a simenti, chifuwa chosatha komanso kudzimbidwa kumaikulitsa.

Kwa munthu wamkulu, bowoli silitsekeka ndi lamba, zitsamba kapena jimu. Mankhwala ake ndi opaleshoni, ndipo kuno ku Malawi imachitika ngakhale m'zipatala zambiri za m'maboma. Kwa makanda n'zosiyana: mchombo wotupa nthawi zambiri umatsekeka wokha mwana akamafika zaka 4 kapena 5. Kumatapo ndalama yachitsulo sikuthandiza, kumangonyula khungu.

Nanga choopsa n'chiyani? Matumbo amatha kupanikizika pabowo paja mpaka magazi osafikako, n'kuyamba kuwola m'maola ochepa. Chotupa chikalimba, chikamapweteka kwambiri, chikakana kubwerera mkati kapena kusintha mtundu, makamaka ngati mukusanza komanso chimbudzi ndi mpweya sizikutuluka, thamangirani kuchipatala ngakhale pakati pa usiku. Osachikankha mokakamiza, osadikira kuti kuche.

Chotupa chomwe sichipweteka nachonso kachionetseni kwa dokotala. Opaleshoni yokonzekera bwino ndi yosavuta poyerekeza ndi yadzidzidzi, yomwe nthawi zina imafuna kudula gawo la matumbo. Ngati muli ndi mlongo, mkazi kapena bambo amene akubisa chotupa chifukwa cha manyazi, aperekezeni sabata ino.