Dothi la m'munda limalemera bwanji?

Mlimi wa fodya ku Kasungu amadziwa kulemera kwa belo lake lisanafike n'komwe pamsika wa Chinkhoma. Amadziwanso kuti thumba la feteleza ndi makilogalamu 50. Koma mvula ikagwa yamphamvu mu Januwale, madzi ofiira n'kumathamangira kumtsinje wa Bua, ndi ochepa amene anganene kuchuluka kwa dothi limene latuluka m'munda mwawo.

Chonsecho masamu ake ndi apafupi moti mwana wa sitandade 8 atha kuwawerengera makolo ake. Pamangofunika kudziwa zinthu zitatu: kukula kwa munda, kuya kwa dothi ndi kulemera kwa dothilo pamuyeso umodzi.

Hekitala imodzi ndi malo a mamita 100 m'litali ndi mamita 100 m'lifupi, kutanthauza masikweya mita 10,000. Dothi lapamwamba, limene khasu limatembenuza komanso momwe muli chakudya chambiri cha mbewu, nthawi zambiri limawerengedwa kuya masentimita 20, omwe ndi mamita 0.2. Kuchulukitsa 10,000 ndi 0.2 kukupereka makiyubiki mita 2,000.

Chotsala ndi kulemera kwake, ndipo mlimi atha kuyeza yekha. Atenge chitini cha lita imodzi, achikhomere pansi mozondotsa mpaka chidzaze popanda kutsendera dothilo. Akachifukula, ayanike dothilo padzuwa mpaka liumiretu, kenako akaliyeze pasikelo. Kuumitsaku n'kofunika chifukwa dothi lonyowa limanamiza, madzi nawo amalemera.

Dothi lamchenga ngati la m'zigwa za Kasungu limalemera pafupifupi makilogalamu 1.4 pa lita. Popeza kiyubiki mita imodzi ndi malita 1,000, ndiye kuti imalemera makilogalamu 1,400, kapena kuti matani 1.4. Tsono 2,000 kuchulukitsa ndi 1.4 yankho lake ndi matani 2,800 pahekitala. Paekala imodzi ndi matani opitirira 1,100.

Kungomva chiwerengerochi munthu atha kuganiza kuti dothi silingathe. Apa mpamene ambiri amapusitsika.

Kafukufuku amene bungwe la FAO lidatulutsa mu 2016 pamodzi ndi mabungwe a UNDP ndi UNEP adapeza kuti mu 2014 dziko la Malawi linkataya dothi lokwana matani 29 pahekitala pachaka, kutengera dziko lonse. Mu 1992, World Bank idaika chiwerengerochi pa matani 20. Madera amapiri amataya lochuluka kuposa malo athyathyathya ngati Kasungu, komabe dothi lamchenga losiyidwa pambalambanda silichedwa kutengedwa ndi madzi.

Matani 29 ndi matumba 580 a makilogalamu 50. Ngolo yonyamula theka la tani ingayende maulendo 58 kuti ichotse dothi lotere. Munthu atabwera usiku ndi ngolo kudzatapa dothi lochuluka chonchi m'munda mwa mnzake, nkhani ingakathere kwa amfumu.

Nanga n'chifukwa chiyani mwini munda saona kanthu? Masamu omwe aja akuyankha. Milimita imodzi ya dothi pahekitala ndi makiyubiki mita 10, omwe ndi matani 14. Choncho matani 29 ndi mamilimita awiri okha, ochepa kuposa kukhuthala kwa zikhadabo zochepa zitasanjikizana. Maso sangaone. Koma pang'onopang'ono ndi mtolo: pa zaka 25, masentimita asanu amakhala atapita, gawo limodzi mwa magawo anayi a dothi lachonde lija. Pomwe kuti sentimita imodzi ipangike kuchokera kumwala pamatenga zaka mazanamazana.

Limene limayamba kukokoloka ndi dothi losalala, lomwe limasunga chinyontho ndi chakudya cha mbewu. Mchenga ndiwo umatsala, ndipo feteleza wogula ndi ndalama zangongole sakhalitsa pamchenga.

Masamuwa akufotokozanso chifukwa chimene ngolo imodzi ya manyowa siisinthira munda. Gawo limodzi mwa magawo 100 a matani 2,800 ndi matani 28. Kuti zowolerana za m'dothi zikwere ndi gawo limodzi lokhalo pamafunika manyowa oposa pamenepo, chifukwa ambiri amatha powola. N'chifukwa chake alangizi amalimbikitsa kuthira manyowa chaka ndi chaka komanso kusatentha mapesi a chimanga. Akatswiri oyeza dothi, monga a ku Chitedze ndi a bungwe la ARET, nawonso amadalira kulemera kwa dothi powerengera laimu ndi feteleza wofunika pahekitala.

Njira zotetezera ndi zodziwika kale: mizere yopingasa kutsetsereka motsata akalozera, kutseka mizere kuti madzi alowe pansi, kubzala udzu wa vetiva, kuphimbira nthaka ndi mapesi ndi kubzala mitengo m'malo mwa imene yapita kuzigafa ndi kumabani.

Belo likakanidwa kumsika, mlimi amalikonza n'kukaligulitsanso. Dothi likalowa mu Bua limakathera kunyanja ku Nkhotakota, ndipo mwana wodzalandira mundawo adzalima pa zotsala.