Mkombaphala wa ku Chitipa ulandirenso agogo

Ku Misuku mwezi wa June kumazizira zolowa m'mafupa. Makolo akalawirira kumunda wa khofi, pakhomo pamatsala mwana wosafika msinkhu wa sukulu ndi agogo ake, onse akuwotha moto umodzi. Nkhuni zikatha kapena madzi akafunika, sizidziwika bwino kuti woyang'anira mnzake ndani.

Makomo otere ndi ambiri m'boma la Chitipa, lomwe pa kalembera wa 2018 linali ndi anthu 234,927. Edzi inasiyira agogo ana amasiye, ndipo lero achinyamata ali kusaka ndalama ku Nakonde, Tunduma, Mzuzu ngakhalenso ku Joni. Mtukula Pakhomo, yemwe anayambira ku Mchinji mu 2006 ndipo anafika ku Chitipa m'gulu la maboma asanu ndi awiri oyambirira, amathandiza mabanja ovutikitsitsa omwe alibe munthu wamphamvu wogwira ntchito. Pa tsiku lolandira ndalamazi, pamzere sipasowa gogo wamkazi wobereka mdzukulu kumbuyo.

Chodabwitsa n'chakuti chisamaliro cha awiriwa timachilekanitsa. Mwana ali ndi sukulu ya mmera mpoyamba, yomwe ambiri amaitcha mkombaphala, kumene alezi ongodzipereka amamuphunzitsa nyimbo n'kumupatsa phala la chimanga ndi soya. Gogo alibe kopita. Amatsala yekha pakhonde mpaka dzuwa kupendeka.

Maiko ena anaona kuti izi n'kutaya mwayi. Ku Singapore, bungwe la boma lomanga nyumba linatsegulira mu 2018 malo otchedwa Kampung Admiralty, komwe kuli nyumba za okalamba zoposa 100, chipatala, malo odyera, komanso sukulu ya ana aang'ono yoyandikana ndi malo ochezera achikulire. Ku Seattle, nyumba ya okalamba ya Providence Mount St. Vincent yakhala ndi sukulu ya ana m'kati mwake kuyambira 1991.

Ku Chitipa sikufunika nyumba zosanjikizana. Bungwe la Malawi Housing Corporation, lomwe linakhazikitsidwa mu 1964, limamanga m'matauni, pamene anthu ambiri a kwa Kameme, Nthalire kapena Mwenewenya amakhala m'nyumba zawozawo kumudzi. Malo okumanirana alipo kale, ndiwo mkombaphala. Chofunika ndi khonde lotchinga mphepo, mabenchi okhala ndi motsamira, chimbudzi chosavuta kulowamo munthu woyenda ndi ndodo, ndi mphika wokulirapo. Mlangizi wa zaumoyo akabwera kudzayeza ana pa sikelo, angathe kuonanso agogo tsiku lomwelo.

Phindu lake n'loposa phala. Chitipa ndi boma la zilankhulo zambiri: Chilambya, Chisukwa, Chindali, Chinyiha, Chimambwe ndi zina. Kusukulu mwana amakumana ndi mabuku a Chichewa ndi Chingerezi, choncho nthano, miyambi ndi mayina a mitengo m'chinenero cha makolo ake angazimve makamaka pakamwa pa okalamba.

Palinso nkhani yowawa. Okalamba m'dziko muno akhala akunamiziridwa ufiti, ena mpaka kuphedwa, monga anayi aja a ku Neno mu January 2016. Lamulo loteteza okalamba la 2024 lilipo, koma polisi imakhala kutali ndi mudzi. Gogo yemwe amaoneka tsiku ndi tsiku akuombera m'manja nyimbo za ana, makolo akumudziwa ndi dzina, savuta kumuteteza kusiyana ndi amene amangotsekeredwa yekha m'kanyumba.

Pali chimodzi choyenera kusamala. Agogo asasanduke alezi aulere oti azitunga madzi ndi kuthamangitsa ana. Atopa kale. Abwere kudzacheza, kudya ndi kuphunzitsa zomwe akudziwa, ntchito yolemetsa itsale m'manja mwa achinyamata ndi komiti ya makolo.

Akuluakulu a khonsolo ya Chitipa ndi mafumu, kuyambira kwa Mwaulambya mpaka kwa Mwenemisuku, sankhani mkombaphala umodzi m'dera la mfumu iliyonse, muwonjezere ufa wa phala, ndipo muitane agogo chaka chino.