Usiku umene ndinaonera Flames ndili kutsidya kwa Muloza

Amene anakulira ku Limbuli amadziwa kuti kunja kwa dziko si kutali. Ukakwera kabaza pamsika, nkhani ndi mwini njinga isanafike n'komwe pokoma, wafika kale pachipata cha Muloza. Ukaoloka mtsinje uli ku Milange, m'chigawo cha Zambezia ku Mozambique. Anthu ake ndi omwewo, chilankhulo timamvana, nsima ndi yomweyo, ndipo ambirife abale athu ali mbali zonse ziwiri. Chimene chimazindikira msanga kuti wasintha dziko ndi foni yako. Ine zimenezi ndinaziphunzira mowawa pa 25 January 2022, tsiku limene Flames inkasewera ndi Morocco.

Nthawi imeneyo n'kuti nditangomaliza maphunziro a ku yunivesite, ndili pakhomo pa amayi kudikira ntchito. January ndi mwezi wa njala kwathu, ndipo chimanga chambiri chimene chimagulitsidwa pa Limbuli chimachokera kutsidya. Amayi anandituma kwa atsibweni, amene ali pachikamwini ku Milange, kuti ndikatenge matumba awiri. Ndinanyamuka Lamlungu pa 23 January, ndili ndi maganizo oti Lolemba ndibwerera, Lachiwiri usiku ndikakhale pabenchi ya kuvidiyo shoo ndi anzanga.

Lolembalo kunacha ndi mvula ya mphepo yosalekeza. Anali namondwe Ana. Mitsinje inadzaza, njira za kumudzi kwa atsibweni zinasanduka phala, ndipo wakabaza aliyense ankangopukusa mutu ndikamutchulira za matumba. Ku Malawi madzi anaononga malo opangira magetsi a Kapichira pa mtsinje wa Shire, dziko n'kutaya mamegawati pafupifupi 130, madera ambiri n'kukhala mumdima. Kumene ndinaliko magetsi kunalibenso. Ndinatsala ndi foni yokhala ndi moto wa 71 peresenti ndi kapawabanki kotopa.

Lonjezo kwa atsibweni

Kuti mumvetse chifukwa chake munthu angade nkhawa ndi mpira kunja kukugwa nyumba, kumbukirani mmene zinthu zinalili. Aka kanali kachitatu Malawi kupita ku AFCON, pambuyo pa 1984 ku Ivory Coast ndi 2010 ku Angola. Ku Cameroon tinayamba ndi kugonja 1-0 kwa Guinea, kenako tinakwapula Zimbabwe 2-1 ndi zigoli ziwiri za Gabadinho Mhango, n'kudzafanana mphamvu 0-0 ndi Senegal, timu imene inadzatenga chikhocho. Ndi mapointi anayi, Flames inalowa m'ndime ya matimu 16 kwa nthawi yoyamba chiyambire.

Atsibweni mipikisano iwiri yoyambayo anaimvera pawayilesi. Amakumbukira mpaka lero pamene anakhala tsiku limene tinagonjetsa Algeria 3-0 mu 2010. Koma Flames ikusewera AFCON anali asanaionepo ndi maso. Lachiwiri masana anandiyitana pakhonde.

"Mphwanga, iwe wapita sukulu yaikulu. Chifoni chakocho sichingationetse anyamatawa?"

"Musadandaule atsibweni, muonera," ndinayankha modzitama. Ndinali ndi bandulo yamwezi imene ndinagula ndisananyamuke, ndiye ndinkaona ngati nkhani yatha.

Bandulo saoloka nayo mtsinje

Vuto loyamba linabwera ndisanayambe n'komwe. Ku Milange, ukakhala pamalo abwino, netiweki ya ku Malawi imafika. Koma tsiku limenelo inali itazimirira, ndipo foni yanga inadumphira yokha pa netiweki ya ku Mozambique. Izi ndi zimene amati roaming: simu khadi ndi yakwanu, koma ukubwereka nsanja ya kampani ya dziko lina, ndipo kubwerekako kuli ndi mtengo wake. Bandulo wamba imene unagula kwanu siigwira ntchito pamenepo. Foni imayamba kudya mayunitsi.

Ndinayatsa data kuti ndiyese. Mauthenga a pa WhatsApp a masiku awiri analowa ngati njuchi, zithunzi ndi mavidiyo a madzi osefukira n'kuyamba kudzitsitsa zokha. Sipanathe mphindi zisanu, uthenga unabwera woti mayunitsi anga atha. Mayunitsi amenewo ndi amene amayi anandiikira kuti ndiziwaimbira.

Anzanga a ku Limbuli, Muloza ndi midzi ya m'malire, izi zimatha kukuchitikirani ngakhale muli pakhomo panu. Foni ikakhala yoti izidzisankhira yokha netiweki, imathamangira nsanja imene ili ndi mphamvu, ilibe nazo ntchito za mbendera.

"Sizikupezeka m'dera lanu"

Msuweni wanga, mwana wa atsibweni, anandiseka kaye kenako n'kundibwereka simu khadi yake. Ku Mozambique kuli makampani atatu a mafoni: Movitel, Vodacom ndi Tmcel, ndipo si chinsinsi kuti anthu ambiri a m'malire muno amasunga simu ya kutsidya chifukwa cha intaneti. Tinagula bandulo ndi timetikali take. Popeza malo achiwiri a simu pafoni yanga anali ndi memori khadi, ndinachotsa simu yanga ya ku Malawi n'kuiika m'bokosi la machesi. Chikumbukireni chibokosi chimenechi.

Intaneti inabwera. Ndinatsegula pulogalamu ina yolipira imene ndinkaonerapo mpira kumudzi pa akaunti ya mnzanga. Inazungulira, inazungulira, kenako inandiuza m'Chingerezi kuti zimene ndikufunazo sizikupezeka m'dera limene ndili.

Ndinaima pakhomo n'kuyang'ana kumene kuli phiri la Mulanje, lobisika m'mitambo. Kwathu ndi apo, koma pa intaneti ndinali mlendo.

Chimachitika ndi ichi. Mpira wa AFCON mwini wake ndi bungwe la CAF, wa World Cup ndi FIFA. Mabungwewa amagulitsa ufulu woonetsa masewero dziko ndi dziko kapena chigawo ndi chigawo, nthawi zina potengeranso chilankhulo. Kampani imene yagula ufulu wa dera lina siiloledwa kuonetsa kunja kwa deralo. Ndiye imadziwa bwanji kumene uli? Foni iliyonse ikalowa pa intaneti imapatsidwa nambala yotchedwa IP address, imene imaonetsa dziko la netiweki yomwe ukugwiritsa ntchito. Simu ya msuweni wanga inandipatsa nambala ya ku Mozambique, akaunti ili ya ku Malawi. Chitseko chinatsekeka pomwepo.

Ufulu umenewu umasinthanso manja. Amene amatsata mpira akukumbukira za AFCON ya ku Ivory Coast mu January 2024, pamene ufulu wa maiko a kum'mwera kwa chipululu cha Sahara unali m'manja mwa New World TV ya ku Togo. SuperSport inayamba yalengeza kuti siionetsa, mgwirizano n'kudzapezeka kutatsala masiku ochepa. Choncho tisamangoganiza kuti amene anaonetsa ulendo watha ndi amene aonetsenso.

Malinki a m'magulu

Masewero ankayamba 9 koloko usiku nthawi ya kwathu, imene ndi yofanana ndi ya ku Mozambique. Ku Yaoundé inali 8 koloko. Itakwana hafu pasiti eyiti, m'nyumba munali mutadzaza: atsibweni, akazi awo, msuweni wanga, ndi anyamata anayi a nyumba zoyandikana amene anamva kuti kwabwera wa ku yunivesite. Thukuta linandituluka kunja kukuzizira.

Ndinapita kumene aliyense amathawira: malinki a m'magulu a WhatsApp. Yoyamba inatsegula masamba asanu a juga. Yachiwiri inandiuza kuti foni yanga ili ndi mavairasi, nditsitse pulogalamu yochotsera. Yachitatu inafuna nambala yanga ya foni kuti anditumizire kodi. Apa ndiye pamene anthu amaberedwa, chifukwa nambala yomweyo ndi imene ili ndi Airtel Money, Mpamba, M-Pesa kapena e-Mola yako, ndipo kodi imene akufunayo ikhoza kukhala kiyi wa WhatsApp yako. Ndinatseka. Yachinayi inaonetsa bwalo lobiriwira, wolengeza akulankhula Chiarabu. Ndinatsitsa chithunzi kufika pa 360p, ndinatsamiritsa foni pa botolo la mafuta ophikira, tonse n'kuunjikana.

Sindikunyadira zimenezi, ndipo sindikulimbikitsa munthu. Masamba oterewa amaonetsa mpira wakuba, ndipo ndalama zawo amazipeza pa iwe woonerawe.

Pa mphindi ya 7, mpira uli pakati pa bwalo pa foni yathu, kuseri kwa nyumba kunamveka mkuwo. Bambo wina woyandikana nawo ankamvera pa kawayilesi ka mabatire. "Chalowa! Gaba! Chalowa!" Ife tinayang'anizana. Pa foni panalibe chilichonse. Kenako, patapita nthawi yokwana kumwa kapu ya madzi, tinamuona Mhango akulandira mpira patali kwambiri ndi golo, akudzutsa mutu, akuona kuti goloboyi Yassine Bounou wasunthira kutsogolo, n'kuumenya. Mpira unauluka mamita oposa 30 n'kukagwera mu ukonde.

Atsibweni anaimirira, nsapato imodzi kuphazi, ina atayiwala. "Ndachiona! Chimene wanena uja ndachiona ndi maso anga!"

Mpira wa pa intaneti umachedwa choncho nthawi zonse. Chithunzi chimadulidwa m'tizidutswa, chimadutsa m'makompyuta angapo, ndipo foni imasunga kaye pang'ono isanaonetse. Wayilesi imakhala patsogolo ndi theka la mphindi, mwinanso kuposa.

Zotsatira mukuzidziwa. Goloboyi wathu Charles Thom anatchinga mipira yoti wina aliyense akanaisiya, koma chigawo choyamba chili pafupi kutha Youssef En-Nesyri anabweza ndi mutu. Pa mphindi ya 70 Achraf Hakimi anamenya firikiki yomwe inapita pakona penipeni. 2-1. Pasanapite nthawi foni yanga inathima, pawabanki itatha kalekale. Mphindi zomaliza tinakamvera pakhonde la bambo wa wayilesi uja, mvula ikuwaza.

Bokosi la machesi

Lachitatu ndinatchajitsa foni pa sola ya pa okala ina n'kubwezeramo simu yanga. Ndinalibe mayunitsi oimbira. Madzi atatsika pang'ono ndinasiya matumba n'kuuyamba wapansi mpaka pachipata.

Nditafika kwathu ndinapeza khitchini yagwa, khoma limodzi la nyumba yaikulu litatsamira kunja. Amayi ndi mchemwali wanga wamng'ono anagona kutchalitchi masiku awiri. Lachiwiri usiku, nthawi imene ine ndinkalimbana ndi malinki, amayi anayatsa kafoni kawo ka mabatani kamene ankasungira moto, n'kukwera pachulu kufunafuna netiweki. Anaimba nambala yanga kangapo. Simu inali m'bokosi la machesi.

Sanandikalipire. Anangoti, "Ine ndimangofuna ndimve mawu ako, kuti madzi sanakutenge." Atakhala chete pang'ono anafunsa, "Nanga mpira wanuwo munawina?"

Palibe chigoli chimene chingandichotsere manyazi a funso limenelo.

Musananyamuke

Mipikisano sikutha, ndipo achinyamata tikuyenda: ku Milange kukapikula, ku Tete, ku Chipata, ku Johannesburg kukasaka maganyu. World Cup ya 2026, ya matimu 48 ku United States, Canada ndi Mexico, masewero ake ambiri ndi a usiku kwambiri kapena m'bandakucha nthawi ya kuno, pamene malo oonetsera mpira atseka. Foni ndiye pothawira. Zimene ndinaphunzira ndi izi.

Zimitsani data roaming musanafike pachipata, ndipo ngati mumakhala m'malire, sankhani nokha netiweki m'malo moisiya foni idzisankhire. Ngati mukufunadi roaming, funsani kampani yanu ngati ili ndi bandulo yake yapadera ndi mtengo wake.

Mukakhala masiku angapo, gulani simu ya dzikolo ndipo mulembetse m'dzina lanu. Ku Mozambique, ngati kuno, simu imafuna chiphaso. Koma simu yakwanu isachoke m'foni. Chotsani memori khadi ngati pakufunika kutero, kapena nyamulani kafoni kena ka mabatani. Abale auzeni nambala yatsopanoyo, ndi +258 yake kutsogolo.

Ngati mumalipira pulogalamu yoonera mpira, funsani musananyamuke ngati akaunti yanu imagwira m'dziko limene mukupitalo. Ena amakuuzani za VPN, imene imabisa dziko limene uli. Dziwani kuti makampani ambiri oonetsa mpira amaletsa zimenezi m'malamulo awo ndipo amatha kuzizindikira, komanso VPN yaulere imachedwetsa intaneti, ndipo zonse zimene ukuchita pafoni zimadutsa m'manja mwa munthu amene sukumudziwa.

Werengerani data. Masewero amodzi ndi maola pafupifupi awiri. Pa 480p konzekerani 1GB, pa HD kuwirikiza kawiri kapena katatu. Pafoni yaing'ono kusiyana kwake sikuoneka kwenikweni. Letsaninso WhatsApp kutsitsa yokha zithunzi ndi mavidiyo.

Linki iliyonse yofuna nambala yanu, kodi, PIN kapena kuti mutsitse pulogalamu, itsekeni. Ndipo musaiwale njira zakale. Funsani eni dera kumene amaonera, chifukwa kanema wa dzikolo kapena malo oonetsera mpira apafupi nthawi zambiri ndiwo otchipa. Wayilesi nayo siifuna bandulo.

Chomaliza, dziikireni malire a moto. Ine lero foni ikafika pa 30 peresenti ndili kutali ndi kwathu, mpira ndimausiya, kaya ndi fainolo.

Chimanga chija ndinakachitenga sabata yotsatira, ndipo khoma tinalimanganso mvula itatha. Atsibweni mpaka pano akabwera kumsika wa Limbuli amauza aliyense wofuna kumva kuti chigoli cha Gaba anachiona iwo, pa foni ya mphwawo, chitatsamira botolo la mafuta. Amayi akamva nkhaniyo amangoseka, n'kundifunsa ngati simu ili m'foni.